Koleji imene a Tayipi anasankhira Kamba

Dzina loti a Tayipi linawakakamira mpaka ukalamba, ngakhale kuti ntchito yotayipayo inatha ana awo akadali aang'ono. Ana a mumsewu wawo ankawaitana choncho osadziwa n'komwe kuti tayipi ndi chinthu chooneka bwanji. Ena ankayesa kuti ndi dzina lobadwa nalo.

Ali mtsikana anapeza ntchito ku kampani ya inshuwalansi, m'chipinda chachitali chapamwamba momwe munali akazi okhaokha, aliyense ndi makina ake. Ukamakwera masitepe unkamva phokoso lawo ngati matalala pa malata. Iwo ndiwo anali achangu kuposa onse. Ankatayipa maso ali pa pepala la bwana, osayang'anako zala, kabelu ka makina awo n'kumangolira pafupipafupi mpaka anzawo ankaseka kuti, “Iwe, ukuthamangira kuti? Makalata sadzatha.” Poweruka nsonga za zala zawo zinkakhala zakuda ndi kaboni, ndipo sankafulumira kusamba m'manja. Ankafuna kuti m'basi anthu aone.

Koma makalata anatha. Chaka china kunabwera makompyuta, ndipo pambuyo pa makompyutawo kunabwera mnyamata wina wowonda, wa malaya osapisira. Anamupatsa tebulo pakona ya chipinda chomwecho. Ntchito yake inali kulemba pulogalamu yoti kompyuta izitulutsa yokha makalata a makasitomala, dzina ndi adiresi zili m'malo mwake, popanda chala cha munthu. Akazi aja ankadziwa kuti akuwakumbira dzenje, komabe ankamupatsa tiyi. Chimene a Tayipi sanachiiwale ndi kuona bwana wamkulu, munthu amene sankayankha moni wa wotayipa, ataima kumbuyo kwa mnyamatayo, akudikira mwaulemu kuti amalize kaye zimene akuchita. Tsiku lina a Tayipi, pomuikira kapu mnyamatayo, anamufunsa kuti, “Achimwene, zimenezi munaphunzira kuti?” Iye anatchula koleji yaikulu ya mumzinda wakutali, osadzutsa n'komwe mutu.

Chipinda chija chitatsekedwa, a Tayipi anazungulira maofesi mpaka nsapato zinapendama. Mapeto ake analowa ntchito mushopu yochapa ndi kusita zovala, kuseri kwa kauntala, pakati pa nthunzi ndi mahang'ala. Anakhala momwemo zaka zonse zotsatira. Amuna awo anali dalaivala wa mabasi a maulendo ataliatali, munthu wosakonda mkangano, amene yankho lake pa chilichonse linali lakuti, “Zili bwino, mayi.” Anali ndi ana awiri. Wamkulu anali mtsikana wapakamwa pakuthwa, amene anadzaphunzira unamwino mpaka onse m'nyumba ankangomuti Nesi. Wamng'ono anali Kamba.

Kamba anakula ndi chibwibwi. Akayamba kulankhula ankakodwa pa mawu oyamba, milomo ikunjenjemera, maso atatsinzina, ndipo aliyense wosadekha ankamukuwira kuti, “Kamba, iwe! Kamba!” Mawuwo anasanduka dzina. Kusukulu anzake anati dzinalo likumuyenera kawiri, poti akangoona anthu ambiri ankabweza mutu m'chigoba. Amayi ake ankamukonda moti sankatha kupirira kumuona akuvutika chonchi. Akangoyamba kuti, “Ndi-ndi-ndi…” iwo ankamulandira, “Ukufuna madzi? Nawa.” Nthawi zambiri ankalondola. Akaphonya, mwanayo ankangolandira chimene wapatsidwa, poti kukana nako kunkafuna mawu.

Atalowa sekondale, bambo ake anabwera kuchokera kudepoti atasenza kompyuta yakale imene a muofesi ankafuna kutaya.

“Mwandibweretsera mdani m'nyumba,” anatero a Tayipi.

“Ndi ya mwana, mayi. Azikaseweretsa.”

Anaiika pa katebulo mukhonde la m'kati, pakati pa chipinda chogona ndi khitchini, moti podutsa ndi mphika umachita kupendekeka. Kamba anakhala pamenepo ngati wamera mizu. Loweruka lililonse ankapita ku koleji yaing'ono ya m'tauni mwawo, kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene mphunzitsi wina wa ndevu zotuwa ankalola ana a sekondale kuphunzira kulemba mapulogalamu. Anawo ankamutcha a Ndevu. Pasanathe nthawi Kamba anapanga kamasewera kake: basi ikuyenda pa sikirini, ikutola anthu m'masiteji, ndipo ukadzaza mopyola matayala ankaphulika, kondakitala n'kuthawa. A Dalaivala anaseka mpaka misozi, nati, “Kondakitala ameneyu ndikumudziwa!”

A Tayipi sanaseke kwambiri. Iwo ankayang'ana zala. Mwanayo ankabaya mabatani ndi zala ziwiri ngati nkhuku ikutola mapira, ndipo zinawanyansa. Anakoka mpando, namugwira manja, namuonetsa pamene chala chilichonse chimakhala. Miyezi ingapo itapita, zala za Kamba zinkathamanga ngati zawo zija. Pa kompyuta analibe chibwibwi. Akamamuyang'ana kuchokera kukhitchini, iye atawerama, nkhope ikuwala ndi sikirini, ankaona mnyamata wa pakona uja, ndipo kumbuyo kwake ankaona bwana ataima akudikira. Mumtima anati: makina amenewa anandichotsa ntchito ine, koma wanga adzawalamula.

Mayeso omaliza a kusekondale Kamba anakhoza bwino kwambiri, ndipo makoleji onse awiri anamutenga, yaikulu ya kutali ija ndi yaing'ono ya kuseri kwa siteshoni. Kwa a Tayipi panalibe choganizira. Komabe Nesi anaumirira kuti akaone konse kuwiri asanasankhe.

Kwakukulu anapita pa basi ya bambo ake, ulendo wa tsiku lathunthu. Linali tsiku limene kolejiyo inkaonetsa makolo malo. A Tayipi anavala suti yawo yakale ya kuofesi, imene anaisunga m'pulasitiki zaka zonsezi. Anaona nyumba zagalasi, kapinga wometedwa bwino, zipinda zozizira momwe makompyuta anali ndandanda mpaka kukhoma. Wophunzira wina wamkazi, wolankhula mothamanga ngati wawayilesi, ndiye ankawatsogolera.

“Kuno timagwira ntchito m'magulu,” iye anatero. “Gulu likamaliza pulogalamu yake, limaima kutsogolo n'kufotokozera kalasi yonse. Aliyense amalankhulapo. Chaka chomaliza makampani amachita kubwera okha kudzasankha anthu.”

A Tayipi anamva za makampanizo. Zinazo zinangodutsa. Atalowa muholo yophunziriramo, imene mipando yake inkakwera m'mwamba ngati ya pabwalo la mpira, anamugwira Kamba pamkono nati, “Taona, mwanangu!” Mkonowo unali wonyowa ndi thukuta. Kenaka Kamba anapempha kupita kuchimbudzi ndipo anakhalitsako. Iwo anati ndi m'mimba chifukwa cha basi.

Kwakung'ono anapitako masana ena poweruka, atavala za kushopu. Penti inali itasupuka m'makoma. Pakati pa kalasi panali chidebe chotchera madzi odontha kudenga, ndipo sitima ikamadutsa mawindo ankachita gwedegwede. Kamba analowa ngati kwawo. Anapita yekha pa kompyuta ya pafupi ndi zenera, naimenya pambali kuti iyake.

A Ndevu anawapatsa mpando. “Mayi, sindikunamizani,” anatero. “Koleji inayo ili ndi zipangizo zoposa zathu, ndipo dzina lake mabwana amalidziwa. Ndikanakhala ndi mwana wolimba mtima ndikanamutumiza komweko. Koma posankha musamangoona nyumba. Funsani kuti m'kalasi amakhalamo ochuluka bwanji. Funsani ngati mphunzitsi amazindikira mwana akajomba. Kuno mpando uwo ukakhala wopanda munthu, ndidziwa tsiku lomwelo.”

“Ndiye mukuti mwana wanga sangathe?”

“Mutu ali nawo woposa ambiri amene ndawaphunzitsa. Ine ndikunena za mwini mutuyo. Ayambire kuno, akhwime, kwakukuluko adzapita pambuyo pake.”

A Tayipi anayang'ana chidebe chija. Mumtima anati munthuyu akungofuna kukometsa kalasi yake ndi mwana wa eni. A Ndevu anatembenuka n'kufunsa Kamba kuti, “Nanga mwini wake ukuti bwanji?”

Kamba anaimirira. “Ine ndi-ndi-ndi…”

A Ndevu anangopinda manja, akudikira, ngati munthu amene alibe kwina kopita.

“Akuti tikakambirana kunyumba,” anatero a Tayipi, akutola chikwama. “Zikomo, aphunzitsi.”

Anakambiranadi, Lamlungu masana, onse ali pakhomo. Nesi ndiye anayamba.

“Amayi, mwanayu sanagonepo kunja kwa nyumba ino. M'shopu amalozera ndi chala kuopa kulankhula. Mukufuna akakhale yekha pakati pa chikhamu chonse chija?”

“Ndiye azikhala m'khonde muno mpaka imvi? Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.”

“Chikomekome cha mkuyu, amayi.”

“Iwe unapita kokaphunzira unamwino, unafa?”

“Ine ndili ndi pakamwa. Wina akandiponda ndimakuwa.”

“Kumeneko n'kumene akaphunzire kukuwa.” A Tayipi anaika manja pa tebulo. “Inu simukudziwa. Simunaimepo pakhomo pa ofesi, munthu n'kukuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kukuuza kuti zimene umadziwazo zinatha ntchito. Pepala la kuseri kwa siteshoni adzalilandira ndani? Ine sindikufuna mwana wanga adzasite malaya a anzake.”

Nesi anatembenukira kwa mlongo wake. “Kamba, nena wekha. Ukufuna kuti?”

Kamba anayang'ana amayi ake. Anaona maso awo ali jenjenje ndi misozi, manja otupa ndi nthunzi ali pa tebulo. Anatsegula pakamwa, nsagwada zikulimbana. “Ndi-ndikufuna ku-ku-ku…”

“Kwakukulu,” anamaliza a Tayipi. “Wamva?”

“Sanamalize, amayi.”

“Ndinamubala ndine. Ndimamumva asanalankhule.”

Onse anayang'ana a Dalaivala. Iwo anapukuta magalasi awo nthawi yaitali, kenaka anati, “Zili bwino, mayi.” Kamba anaweramitsa mutu, ndipo a Tayipi anati wavomera.

Anamusitira zovala zonse okha, mpaka masokosi. Kushopu anauza kasitomala aliyense wobwera kudzatenga suti kuti mwana wawo ali ku koleji yaikulu, akuphunzira zolemba mapulogalamu a kompyuta. Miyezi yoyamba Kamba ankatumiza mauthenga ataliatali pafoni, poti polemba ankamasuka. Ankafotokoza za chipinda chake cha kuhositelo, za mnzake wogona naye amene ankaliza mkonono, za pulogalamu imene anaimaliza ena onse asanayambe. A Tayipi ankawerengera anzawo a kushopu mokweza. Pang'ono ndi pang'ono mauthengawo anayamba kufupika. Kenaka anatsala mawu awiri okha: “Ndili bwino.”

Pa holide anabwera ataonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Ankagona mpaka dzuwa kufika pamutu. Kompyuta ya m'khonde sanaiyatse n'kamodzi komwe.

“Mwanayu sali bwino,” anatero Nesi ali kukhitchini, motsitsa mawu.

“Watopa. Sukulu ya kumeneko si masewera.”

“Ndimaona odwala tsiku lililonse, amayi. Maso awo ndimawadziwa.”

“Iwe aliyense umamuona ngati wodwala. Usamulodze mwana ndi pakamwa pako.”

Komabe madzulo ake a Tayipi anamufunsa Kamba, ataima pakhomo la chipinda. “Kusukulu kuli bwino, eti?” Funsolo linali ndi yankho lake kale. Kamba anagwedeza mutu. Tsiku lobwerera anaima nthawi yaitali pa sitepe ya basi, chikwama chili kumsana, mpaka kondakitala anachita kumukankha pang'ono.

Foni inabwera chaka chachiwiri chili pakati, m'mawa wina a Tayipi akusita diresi laukwati la kasitomala. Nambala inali yachilendo.

“Ndinu mayi ake a Kamba? Ine ndi mnzake wa m'chipinda. Pepani, nambala yanu ndaiba m'foni mwake. Mayi, bwerani. Papita nthawi asakupita m'kalasi. Sakusamba, chakudya ndikamubweretsera chimangouma pambale. Ndikamulankhula amangoyang'ana khoma. Anandiletsa kuuza munthu, koma ine ndayamba kuopa.”

Anazimitsa simbi, naiimika bwinobwino, napachika diresi lija. Kenaka anakhala pansi pa simenti pakati pa madengu a zovala.

Ananyamuka m'mawa mwake ndi amuna awo, amene tsikulo anakhala pa mpando wa apaulendo. Kukoleji kapinga anali wometedwa bwino ngati kale, ophunzira akuyenda m'magulumagulu, akuseka. Palibe amene ankadziwa kuti Kamba ndi ndani. Mnzake uja anawachingamira pa masitepe a hositelo, ndipo akukwera anawafotokozera zimene ankadziwa.

Zinayamba chaka choyamba, tsiku limene gulu la Kamba linkaonetsa pulogalamu yawo. Pafupifupi yonse anailemba ndi iye. Itafika nthawi yake yolankhula, anaima kutsogolo kwa holo ija n'kukodwa pa mawu oyamba. Anthu sanaseke n'komwe. Anangokhala chete, akumuyang'ana, mpaka mphunzitsi anayang'ana wotchi nati, “Wina amuthandize.” Mnzake wa m'gulu analanda maikolofoni. Zinachitikanso ulendo wachiwiri. Kuchokera pamenepo magulu ankamupatsa ntchito yolemba koma pa tsiku loonetsa iye sankabwera, ndipo malikisi ake anayamba kugwa. Kenaka analeka kupita ku makalasi amene aphunzitsi ake amafunsa mafunso. Kenaka analeka onse. Mayeso apitawo sanalembe.

“Nanga aphunzitsi sanafunse?” anatero a Dalaivala.

“Tilipo ambiri, bambo. Sadziwa.”

M'chipindamo makatani anali otseka kunja kukadali kowala. Munkanunkha zovala zosachapa. Kamba anali atakhala pabedi, mawondo ali pachifuwa, tsitsi litapotana, ndevu zitamera mwa apo ndi apo. A Tayipi anaima pakhomo, osadziwa poyambira. Iye anadzutsa mutu, nawayang'ana, nalankhula mawu amene anatuluka osakodwa paliponse, ngati anakhala akuwayeserera miyezi yonseyo.

“Ndalephera, amayi.”

A Tayipi anafuna kumuyankha kuti sunalephere, kuti ubwereza, kuti tikalankhula ndi akuluakulu. M'malo mwake anagwada n'kuyamba kutola masokosi pansi. A Dalaivala ndiwo anapita kukakhala pabedipo, namukumbatira mwanayo ngati wakhanda.

Kunyumba Nesi sananene kuti ndinakuuzani. Zikanakhala bwino akananena. Anangomutenga mlongo wake n'kupita naye kuchipatala, kumene dokotala anati ndi matenda a maganizo, kukhumudwa kumene kumamugwetsa munthu mpaka kulephera kudzuka. Anamupatsa mankhwala ndi masiku okaonana ndi mlangizi. A Tayipi anatsalira m'chipinda cha dokotala ena atatuluka.

“Adokotala, ndi sukulu ija yamudwalitsa?”

“Matendawa sabwera ndi njira imodzi, mayi. Ena amadwala ali pakhomo pa makolo awo. Kukhala yekha kuja sikunamuthandize, koma sindinganene kuti akanakhala kuno sakanadwala.”

Anatuluka ndi yankho limenelo, losawamanga komanso losawamasula.

Miyezi inadutsa Kamba ali m'chipinda. Kushopu makasitomala ankafunsabe kuti, “Injiniya wathu akumaliza liti?” ndipo a Tayipi ankayankha kuti akupuma kaye, maso ali pa risiti. Kamba atayamba kudya ndi kutulukako panja, iwo anavala nsapato napita kuseri kwa siteshoni. Panjira ankakonza mawu opepesera. A Ndevu sanawalole n'komwe kuwamaliza.

“Malo alipo, mayi. Abwere tsiku lililonse limene akufuna. Ngakhale kungokhala kumbuyo osachita kanthu.”

Anabwerera akuthamanga ngati mtsikana. Koma atamuuza Kamba, iye anapukusa mutu. A Ndevu anabwera okha kunyumba Loweruka lina, nakhala pabalaza, tiyi mpaka kuzizira. Kamba sanatuluke. Pochoka anaima pakhomo la chipinda chake nati, “Palibe mlandu, mnyamata wanga. Ndimangofuna kukuona.” Sabata yomweyo Kamba anazula mawaya a kompyuta ya m'khonde, naikulunga m'chinsalu, naipereka kwa ana a nyumba yoyandikana nayo.

A Dalaivala anawadzudzula akazi awo kamodzi kokha pa moyo wawo wonse. Linali tsiku limenelo, akuyang'ana katebulo kopanda kanthu.

“Mwana uja sanamalize mawu ake tsiku lija.”

“Ndiye bwanji simunanene?”

“N'chimene chikundidya,” anatero. “Ndinamva bwinobwino kuti sanamalize. Ndinangoti zili bwino.”

Sanayambirenso nkhaniyo. Anapuma pantchito patapita zaka zochepa, maso atayamba kufooka, ndipo anamwalira ndi matenda a mtima Kamba asanapeze chochita. Pamaliro Kamba ndiye ananyamula mipando, kutunga madzi, kukolopa, chilichonse chosafuna kulankhula ndi anthu.

Ntchito anaipeza yekha. Kumalire a tauni kunali nazale ya mitengo ndi maluwa, ya mayi wina wachikulire wosamva bwino, amene analibe nazo ntchito kuti munthu amalankhula bwanji. Kamba ankathira dothi m'timachubu, kuthirira, kudulira, kukweza mbande m'magalimoto a ogula. Ankabwera madzulo zikhadabo zili bii, n'kudya bwino, n'kugona. Thupi linabwerera. Nthawi zina ankaseka ndi ana a Nesi, kuwapangira timagalimoto ta mawaya. Mankhwala sanasiye, ndipo panali nyengo zina pamene mdima uja unkabweranso, n'kukhala masiku osatuluka, koma mwini nazale ankamudikira. Foni yake inali yaing'ono, ya mabatani. Wina akamufunsa kuti amukonzere kompyuta, ankati sadziwa.

Tsiku lina Loweruka masana, akuthandizana kupinda nsalu za pabedi pabwalo, a Tayipi analimba mtima.

“Mwanangu, tsiku lija patebulo, unkafuna kunena kuti chiyani?”

Kamba anagwira ngodya za nsalu, nazilumikiza. Anayamba, nakodwa. A Tayipi analuma mlomo mpaka kumva kuwawa. Anadikira. Galimoto inadutsa mumsewu, galu wa aneba anauwa n'kusiya.

“Si-sindikukumbuka bwino,” anatero potsiriza. “Ndi-ndinkaopa kupita. Ko-koma ndinkafunanso mu-musangalale. Mwina ndi-ndikananena zomwezo.”

“Ukundinamiza kuti ndisalire.”

Iye anangomwetulira pang'ono, nawapatsa nsalu yopindapinda, natola ina. A Tayipi sanadziwe ngati zinali zoona, ndipo sanadzadziwenso.

Kushopu anapuma miyendo itayamba kutupa. Chaka chomwecho Kamba anawauza kuti wapeza chipinda cha lendi pafupi ndi nazale, kuti asamayende mtunda wautali m'mawa. Anali atalipira kale, kiyi ali m'thumba. Nesi anabwereka galimoto ya mnzake, ndipo anasamutsa bedi, mpando, mbale zingapo ndi wayilesi ya malemu bambo ake.

Chipindacho chinali kuseri kwa nyumba ya eni, moyang'anana ndi mpanda. Khoma limodzi linali ndi chinyezi chofika m'chiuno. Mpopi unali kutali, kuseri kwa khola la nkhuku. A Tayipi anayendetsa chala pakhomapo, nachinunkhiza.

“Muno mudzakudwalitsa chifuwa. Bedi lisagunde khoma ili.”

“Amayi,” anatero Nesi.

“Ndangonena za bedi.”

Kamba anakoka bedilo pang'ono kuti lisagunde khoma. Kenaka anatuluka, nabwera ndi madzi m'ketulo, nawaphikira tiyi pa kambaula kake katsopano. Makapu anali awiri okha, ndiye iye anamwera m'chivindikiro cha fulasiki. Anawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo galimoto isananyamuke anali atatembenuka kale, akubwerera, manja ali m'thumba.

Nesi anawasiya pageti n'kuthamangira kuntchito. A Tayipi analowa m'nyumba, navula nsapato, nakhala pampando osavula mpango. M'chipinda cha Kamba munatsala madindo anayi a miyendo ya bedi pa simenti ndi fumbi limene tsache silinkafikako. Anaganiza zosesa, koma anati asesa mawa. Kunja kunayamba kuwaza, ndipo anakumbukira kuti sanayang'ane ngati zenera la chipinda cha lendi chija limatsekeka. Anatenga foni, napeza nambala ya Kamba, nakhala ataigwira m'manja mpaka mvula inakula.